Foni Yomwe Inkayankha ndi Mawu Anga

Mvula ya chizimalupsa itabwera chaka chimenecho, mphenzi inagwa pa mgwalangwa wa kuseri kwa ofesi n'kutsata waya mpaka pa tebulo langa. Inapsereza switchibodi yathu yolumikizira mafoni, ndipo ine ndinadandaula ngati yapha m'bale wanga. Ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Nkopola, ndipo chibokosi chimenecho ndinkachidziwa kuposa mwamuna wanga. Chinali chokalamba, manambala a pa mabatani anali atafufutika, m'kati mwake munkagona analimata. Koma chinali ndi khalidwe limodzi labwino. Munthu akaimba, ngakhale foni ilire kamodzi kokha, kagalasi kake kankaonetsa nambala.

Kuno foni ya pa ntchito si ya ntchito yokha. Msodzi wobweretsa chambo ankaflasha. Wogulitsa makala ankaflasha. Akazi a alonda ankaflashanso mwana akatentha thupi. Umaimba, foni ilire kamodzi, udule, kenako udikire kuti amene ali ndi mayunitsi akuimbire. Palibe amene ankaona kuti ndi mwano. Ine manambala amenewo ndinkawazindikira ngati nkhope za anthu, ndipo ndinkadziwa woti ndimuimbire msanga ndi woti adikire kaye ndimalize tiyi.

Nambala imodzi yokha ndiyo sindinkaidikiritsa. Inali ya kwawo kwa akhuki athu, mayi wachisilamu wondiposa zaka, wosayankhulayankhula, amene ankaphika ku khitchini ya loji. Iwowa anabadwira ku Mozambiki, ndipo analowa m'dziko muno ali kumsana kwa mayi awo nthawi ya nkhondo. Anakulira m'mudzi wina pafupi ndi Chiponde, m'mphepete mwenimweni mwa malire. Mayi awowo, amene tonse tinkangowatchula kuti anganga, anali akudwala kwa nthawi yaitali. Akhuki anasiya kafoni kawo kumudziko m'manja mwa achimwene awo. Vuto linali netiweki. M'mudzimo inkagwira pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa minda. Choncho achimwenewo sunkatha kuwaimbira nthawi yomwe wafuna. Lachisanu lililonse akachokera ku mzikiti ankakwera pa chulupo, n'kuflasha nambala ya ofesi, ine n'kuwaimbira pomwepo n'kulumikiza ku khitchini.

Tsiku lina akhuki anandiitana akupala nsomba, n'kundiuza chifukwa chake foniyo inali nkhani yaikulu chonchi.

"Achemwali, kwathu maliro sagona. Munthu akapita m'mawa, dzuwa likamapendeka waikidwa kale. Ndipo mkazi amasambitsidwa ndi akazi. Ine ndine mwana wamkazi ndekha. Amayi anandigwira dzanja n'kundiuza kuti tsiku limenelo asawavule munthu wina. Thupi lawo lili ndi zimene anawachita asilikali pothawa paja. Zaka zonsezi akhala akusamba okha, usiku, kuti pasapezeke woona. Ndinawalonjeza."

Anapukuta mpeni pa chitenje n'kundiyang'ana.

"Nambala ija ikadzalira tsiku lomwe si Lachisanu, musadzamalize n'komwe zimene mukuchita."

Ndinawauza kuti asadere nkhawa. Kuchokera ku Nkopola kukafika ku Chiponde, munthu akanyamuka m'mawa amafika dzuwa lisanafike pamutu.

Switchibodi itapsa, tinalumikiza kaye kafoni wamba ka pa tebulo, ndipo zinthu zinkayenda. Koma abwana, mwini loji, anaona kuti mpata wapezeka. Anali munthu wokhala mwendo wina ku Blantyre wina kunyanja, ndipo oflasha ankadana nawo ngati nsikidzi. Ankakonda kunena kuti loji yawo si telefoni byuro.

Anabwera anthu awiri odzatigulitsa makina atsopano. Woyamba anali mdala wa m'tauni ya Mangochi amene ankatikonzera chibokosi chakale chija. Iye anati atipezera china chofanana nacho, chogwirapo kale ntchito koma cholimba. Abwana anamumvetsera akusewera ndi makiyi a galimoto. Wachiwiri anachokera ku Blantyre. Anafika atavala tayi m'kutentha kwa Okutobala, kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa mabwato. Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Wa tayiyu anatsegula laputopu n'kuyamba kutionetsa zodabwitsa: kabokosi kochepa ngati buledi, koyendera intaneti, kokhala ndi batire yakeyake, foni m'chipinda chilichonse, ndipo woimba kunja azidina kaye nambala yachinsinsi yomwe akhale akuidziwa abwana okha. Chachikulu chinali chakuti makinawo amayankha okha.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinafunsa kuti nanga oflasha zikhala bwanji.

Anaseka mpaka tayi kugwedera. "Mayi, makina awa amayankha foni isanalire n'komwe. Woflasha akangoyesa, mayunitsi ake adyedwa. Posachedwa onse akhala ataphunzira."

Abwana anadziwomba pa ntchafu chifukwa cha kukondwa. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti foni ndi yoitanira anthu, sindinkadziwa kuti ilipo ina yoluma.

Anasankha ya wa tayi, zimenezo n'zosachita kufunsa. Kenako anati makinawo akufunika mawu a munthu, ndipo mawuwo akhala anga chifukwa alendo anawazolowera. Ananditsekera m'chipinda chosungira matiresi ndi mabulangete, kuti phokoso la kunja lisamveke. Thukuta linali kamukamu. Tikayamba kujambula, tambala ankalira. Tikayambiranso, wina ankaliza njinga yamoto pa geti. Wa tayi ankangondiuza kuti ndimwetulire, ati kumwetulira kumamveka pa foni. Mawu ake anali akuti, "Moni, takulandirani. Tikuthandizeni bwanji lero?" Pamenepo ndinkayenera kukhala chete pang'ono.

"Mupume kaye," iye anatero, "kuti woimbayo amve ngati walandiridwa ndi munthu weniweni."

Ndikapuma, ndiyambe Chingerezi chofotokoza kuti wofuna chipinda adine wani, wofuna ku khitchini adine thuu, ndi zina zotero. Pomaliza ndinene kuti zikomo kwambiri. Ndinafunsa chifukwa chake za mabatanizo sitikuzinenanso m'Chichewa kapena m'Chiyao. Abwana anati wofuna chipinda pa loji yawo Chingerezi amachidziwa. Nditalimbikira, anandiuza kuti chimene akufuna kwa ine ndi mawu, osati maganizo. Ndinamwetulira monga anandiuzira.

Makinawo anayamba ntchito Lolemba. Wa tayi anandipatsa foni yake kuti ndiimbe nambala ya ofesi ndimve. Ndinali nditaima pomwepo, milomo yanga ili chitsekere, koma m'khutu mwanga ndinkadzimva ndikupereka moni mokoma kuposa mmene ndinaperekerapo moni kwa munthu aliyense. Foni ya pa tebulo langa inali zii. Inkalira pokhapokha woimbayo akadina wani. Amene sanadine kanthu, ine sindinkadziwa n'komwe kuti anaimba.

Ndinathamangira kwa wa tayi asanakwere galimoto. Ndinamufunsa kuti manambala a anthu oterowo ndiziwaona pati. Anati amapita mu kompyuta ya ku ofesi kwawo, ndipo abwana akafuna angathe kuwatumizira pakutha pa mwezi. Ndinapita kwa abwana n'kuwafotokozera za akhuki, kuti nambala imodzi yokhayo aipatule. Anandiyankha akutseka chitseko cha galimoto kuti aliyense pa loji ali ndi mayi wodwala.

Ndinayesa kuimbira achimwene a akhuki ndi foni yanga, m'mawa, masana, madzulo. Sinkapezeka. Tinagwirizana ndi akhuki kuti Lachisanu, nthawi yotuluka mu mzikiti ikakwana, ndiziimba mosalekeza ndi foni yangayo mpaka ndiwapeze ali pa chulu, ndiwapatse nambala yanga. Sitinachite mantha kwenikweni. Lachisanu lapitalo anganga anali atamwa phala mbale yonse, ati mpaka anakalipira adzukulu chifukwa chosiya nkhuku zilowe m'nyumba.

Sabata imeneyo makinawo anandizunguza mutu ndi zina. Magetsi akathima, batire inkalira ngati mwanapiye wotayika. Mlendo wa m'chipinda cha kunyanja akafuna madzi osamba, foni inkalira kwa alonda. Ndikadandaula, wa tayi ankakonza ali ku Blantyre komweko, osabwera. Ndinkangoona timagetsi ta pa kabokosi tikuphethira pansi pa tebulo langa, ndipo ndinkafinya miyendo, chifukwa sindinkamvetsa kuti munthu ali kutali chonchija akufika bwanji pamenepo. Koma oflasha anatheratu. Abwana anaimba kudzafunsa, ndipo nditawauza anati, "Mwaona?"

Za Lachitatu m'mawa ndayesa kuzikumbukira kambirimbiri. Palibe chimene chinachitika. Ndinakhala pa mpando wanga, ndinapachika makiyi, ndinathamangitsa ntchentche pa kauntala. Foni inali patsogolo panga, chete.

Lachinayi chakumasana ndinamva poto akugwa ku khitchini, kenako mawu a mayi wina akuti, "Kalanga ine, simunamve?" Nditathamangira kumeneko ndinapeza mayi wa geni wa ku Chiponde, amene ankabwera kunyanja kudzagula usipa wouma, atagwada pa khomo la khitchini. Anali atapatuka kuti adzapepese maliro. Anati anthu anadabwa dzulo kuti mwana wamkazi sanaoneke, ndiye iye ankaganiza kuti mwina akhuki adwala. Anganga anamwalira Lachitatu m'bandakucha, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo.

Akhuki anaima pakati pa mpunga womwazika, manja ali lende. Sanalire. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo funso lawo linali limodzi.

"Foni sinalire?"

"Sinalire, amayi. Ndinali pomwepo tsiku lonse."

Anavula epuloni, anatsegula kabati yawo n'kutulutsa kamtolo komanga pa kansalu. Ine ndinatenga chikwama changa. Mnzanga wina anafunsa kuti nanga pa kauntala pakhala ndani, ndipo ndinamuuza kuti makina aziyankha, si ndi amene abwana anawafuna.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, tinasintha, tinawoloka mlatho wa Shire n'kuyamba kukwera mapiri. Minibasi inkaima paliponse, kutsitsa matumba, kukweza mbuzi. Mtima wanga unkafuna kukalipira dalaivala kuti afulumire, kenako ndinkakumbukira kuti palibenso chothamangira. Akhuki anafumbata kamtolo kaja pamiyendo ulendo wonse. Titadutsa Namwera kansaluko kanamasuka pang'ono, ndipo ndinaona kuti munali sopo watsopano ndi kabotolo ka mafuta onunkhira. Ndinayang'ana kunja kwa windo.

Pa Chiponde tinakwera kabaza wa njinga zamoto mpaka m'mudzi. Amuna anali pa mikeka pansi pa mtengo wa mango, akazi m'nyumba ndi pa khonde. Bambo wina wamtali, wovala kofia yoyera, anadzuka n'kutichingamira. Anali achimwene a akhuki aja. Ine ndi iwo tinali tisanaonanepo, tinkangodziwana pa foni. Ndinagwada n'kunena kuti, "Pepani achimwene ndi zovutazi."

Atangomva mawu anga, nkhope yawo inasintha.

"Ndi inu a pa foni?"

"Ndine."

"Ndiye mwabwera kudzatani? Ine ndinakuuzani. Walahi ndinakuuzani zonse, inu n'kukhala nazo."

Ndinaona ngati sindinamve bwino. Ndinati sindinayankhule ndi munthu aliyense wa kuno sabata yonse. Iwo anakweza mawu, ndipo akazi anayamba kutuluka m'nyumba.

"Amayi atangotsiriza, ndinathamangira pa chulu kusanayere bwino. Ndimati ndiflashe, koma inu munayankha msanga, ndipo ndinathokoza Mulungu. Munandipatsa moni. Munandifunsa kuti tikuthandizeni bwanji. Ndinakuuzani kuti amayi atisiya, muwauze achemwali anyamuke pompano, tiika lero. Kenako munayamba kuyankhula Chingerezi ndi azungu anu kumeneko. Ine ndinadikira, sindinafune kukudulani. Mutamaliza munati zikomo kwambiri, ndipo mayunitsi anga anathera pomwepo."

Ndinagwira pakamwa. Zonse zimene ankanena ndinkazidziwa, liwu ndi liwu, mpaka malo opumira. Iwo anapitiriza kuti akazi anatenthetsa madzi n'kudikira. Madzi anazizira, anatenthetsanso. Ana ankawatuma kumsewu kukaona ngati kabaza akubwera. Ashehe anadikira mpaka pamene sakanathanso kudikira.

"Sindinali ine," ndinatero. "Anali makina. Anajambula mawu anga."

Gogo wina pa khonde anafunsa mokweza kuti kodi makina amafunsa munthu kuti tikuthandizeni bwanji. Ena anang'ung'udza movomereza. Ndinamva wina akunena kuti anthu a m'maloji ndi otero, akakhala ndi azungu amaiwala kuti kuli imfa. Ndinali nditatukwanidwapo ndi alendo oledzera, koma kunenedwa kuti ndinabisa uthenga wa maliro, chimenecho sindikanachinyamula kubwerera nacho kunyanja. Ndinatulutsa foni yanga n'kunena kuti tiimbe pompano amve okha. Netiweki panalibe.

"Kwende, tiyeni ku chulu," anatero akhuki. Anali mawu awo oyamba chifikireni.

Tinadutsa m'minda yopsa ndi dzuwa, achimwene patsogolo, ine ndi akhuki pambuyo, anthu angapo akutitsatira. Chulucho chinali chachitali, pamwamba pake posalala chifukwa cha mapazi a mudzi wonse. Ndinaimba nambala ya ofesi, ndinakweza mawu a foni, n'kuipereka m'manja mwa achimwene. Ndinatseka pakamwa panga ndi manja onse awiri kuti aliyense aone.

"Moni, takulandirani. Tikuthandizeni bwanji lero?"

Wa tayi sananame, kumwetulira kumamveka pa foni. Mawu anga anamveka pa chulupo ali osangalala ngati a munthu amene wangolandira mphatso, pakati pa anthu omwe maso awo anali otupa. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha, ngati ndakumana ndi mzukwa wanga ndili moyo. Kenako panafika popumira paja. Ndinaona milomo ya achimwene ikutseguka yokha kuti ayankhe. Anayang'ana foni, anayang'ana ine ndi manja anga ali pakamwa. Chingerezi chitayamba, anakhala pansi pa dothi pomwepo.

"Ndiye ndinkauza ndani?" anafunsa.

Ndinatenga foniyo n'kuidula.

Akhuki sanakalipire munthu. Anafunsa achimwene awo motsitsa mawu kuti anasambitsa thupi ndani. Iwo anati akazi a nyumba zoyandikana, pamodzi ndi mayi wina wa ku mzikiti amene amadziwa mwambo wake. Akhuki anagwedeza mutu n'kuyamba kutsika, kamtolo kaja kali m'khwapa. Ndinawatsatira. Mumtima ndinkapemphera kuti mwina akaziwo anasambitsa mwaulemu, nsalu ili pamwamba monga amachitira, osaona kanthu, kapena ngati anaona akhale anthu osunga pakamwa.

Tisanafike pabwalo, mayi wina wachikulire anatichingamira pa njira. Anali mmodzi wa osambitsa aja, munthu wa nkhope yachifundo, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kutonthoza basi. Anagwira akhuki manja onse awiri, misozi ikutsika.

"Mwanangu, usadandaule, tinawasambitsa bwino mayi ako. Koma anavutika, iwe. Msana uja, ndi mabere aja! Zaka zonsezi takhala nawo, ife osadziwa. Dzulo akazi onse analira titawafotokozera."

Akhuki anakhala pansi pakati pa njira, ndipo kulira kwawo kunamveka mpaka kutsidya kwa malire.